Khofi wa Abrehet

Patha chaka tsopano, Abrehet,
mtsuko wako wa khosi lalitali uja
ukadali pamwamba pa kabati, m'juzi momwe
unaukulunga tsiku lotuluka mu Keren.
Unadutsa chipululu osasweka.
Muno mu Göteborg ukungodya fumbi.

Lamulungu ndinautsitsa.
Ndikudziwa, si ntchito ya mwamuna,
koma Yodit akuti manja ake sadziwa,
ndipo anandiuza zimenezo m'Chiswidishi.

Ndinakazinga njere m'kachiwaya kako,
n'kuika lubani pa khala limodzi lokha.
Utsi usanafike n'komwe pamphuno za ana
kachipangizo ka kudenga kanayamba kukuwa
ngati kaona mfiti masana.
Mayi Lindqvist a khomo linalo anagogoda:
kodi kwapsa?
Ndinati ayi, tikukumbukira mkazi wanga.
Anapepesa ndithu, komabe anati titsegule windo.
Tinatsegula. Fungo lako linatuluka
kukazizidwa pabwalo loimikapo magalimoto.

Filmon anakwera pampando n'kuzula batire.
Kusukulu amamutcha Filip,
ndipo amatembenuka.

Iwe unkathira katatu,
wochoka kapu yamadalitso isanafike
unkamutchula wopanda mwambo, ngakhale akhale wansembe.
Yodit anamwa yoyamba chiimire, jekete lili m'thupi,
diso pa foni, kuti sitima ingamusiye.
Kwake kuli makina: kudina batani, khofi uyo,
palibe wofunsa mnzake kuti wagona bwanji.

Sindimuimba mlandu.
Suja ndife tinkawakhazika pansi madzulo,
phunzirani kuyankhula ngati eni dziko,
asakudziweni pa lilime?
Anamva. Tinabala ana omvera, Abrehet.
Tinathirira tokha mtengo uwu,
lero tikudabwa kuti mthunzi ukugwera kwa ena.

Yachiwiri tinamwa awiri, mwakachetechete,
inali yowawa, ndinapsereza njere.
Kenaka mnyamata ananyamula mtsuko,
kuutembenuza uku ndi uku ngati wa m'sitolo,
nakhudza kaubweya kaja kotsekera kukamwa
kuti masese asagwere m'kapu.
Baba, anatero m'Chitigirinya chake chotsimphina,
aka dzina lake n'chiyani?

Ndinatsegula pakamwa.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikukuona ukukatsuka.
Ndinafufuza m'mutu monse, m'makona, kuseri kwa zitseko,
ndinapezamo mayina a masiteshoni onse
a basi yomwe ndimayendetsa,
nambala ya msonkho, mawu opepesera bwana.

Ndinati dikira, ndikumbuka.
Iye akudikirabe.
Kapu yachitatu yazizira patebulo,
batire lili pambali pake.