Kabotolo nambala 47

Anandibweretsera magazi ako Lachiwiri
m'kabotolo ka chivindikiro chofiirira,
nambala 47, dzina atalibisa.
Koma tsiku lobadwa analisiya,
ndipo ndinakudziwa, Yotamu.
Tinkagawana desiki kusukulu ya ku Mchini,
pa mpira iwe pagolo, ine wonyamula madzi.

Makina a m'chipinda chino sadandaula, amangosindikiza.
Akuti kachilombo kachepa. Mankhwala ukumwa ndithu,
kaya ndi tiyi wa pasiteshoni, kaya ndi malovu okha.
Koma pali mzere wina m'munsi mwa pepala
umene wandikhalitsa pansi:
asilikali a m'thupi mwako sakugona.
Ali chiimire, maso psuu,
ngati mlonda wa ku Down Shops
woliza wenzulo usiku wonse
chifukwa khoswe wagwetsa chitini.

Singano iliyonse kuseri kwa msika wa Kapata
ndi mlendo wogogoda pakati pa usiku.
Madzi a mu Lunkhwakwa osungunulira ufa uja,
mwaye wa pasupuni,
dontho la mnzako lotsalira m'jakisoni,
zonsezi zimalowa popanda odi.
Asilikali dzambatu, kuthamanga, kumenya mphepo,
mitsempha kutentha ngati malata a mu Okutobala.
Ndipo kachilombo kamakonda msilikali wodzuka.
Wogona kamamulambalala.

Chaka chatha anali mazana anayi pa kadontho.
Lero mazana awiri ndi khumi ndi mmodzi.
Sikuti onse anagwa pankhondo.
Ena angotopa,
akalamba asanamere imvi.

Dzulo unandinyamula panjinga yako
kuchokera pageti la chipatala mpaka ku Kalongwezi,
malaya a manja aatali dzuwa likuswa mtengo.
Pachitunda unapalasa choimirira,
ine ndikuwerenga nthiti zako kudzera m'nsalu.
Unandifunsa ngati ndikukumbukira penate ija
unaigwira ndi nkhope,
mphuno n'kutuluka magazi, ife tikuvina.
Ndinati eya.
Sindinanene kuti magaziwo ndawaonanso,
kuti ali mufiriji yathu, shelefu yachiwiri,
pafupi ndi a mayi wina woyembekezera.
Lamulo la ntchito linandimanga pakamwa.

Potsika ndinakupatsa makwacha khumi,
ndinakana chenji.
Ndinangoti, "Ukagoneko bwino lero, m'bale."
Unaseka, unaliza belu kawiri,
n'kutembenuzira njinga cha ku Kapata.

M'mawa uno ndasaina pepala lako.
Pambali, ndi pensulo, ndalembera adokotala:
muzimupatsa nthawi yaitali ameneyu,
musamukalipire.