Zala za Mayi Namakhwa

Tsiku lina bondo litakana kupinda
anandipempha ndiwavule nsapato.
Ndinaona zala zopotana ngati mizu ya kachere,
zikhadabo ziwiri zili bii.
"Malipiro a zaka khumi ndi zinayi ku Kepitauni ndi amenewa,"
anatero akuseka,
"ndalama zinathera lendi."

Holo yathu ya ku Chinamwali inalibe galasi.
Tinkagwirira paipi yokhomedwa kukhoma,
simenti ikutidya zidendene,
kaseti ikutsokomola piyano.
Anyamata pawindo:
"Gule wanji wopanda ng'oma,
wosagwedeza ndi chiuno chomwe?"
Iwo osacheuka n'komwe.
Modzi, wiri. Khosi m'mwamba, Ndaziona,
baleti savina mopepesa.

Gule wawo womaliza anakamutola m'njira ya Kuchawe
m'mawa wa chiperoni,
atakhala pamwala kupenya amayi a nkhuni
akutsika ndi mitolo yotalika kuposa eni ake,
msana uli njo, mapazi akufufuza njira m'nkhungu.
"Mwaona? Ine ndinakaphunzira kutali
zimene awa amachita asanalawe kanthu."

Miyezi itatu tinayeserera ndi nsungwi pamutu.
Usiku wa chionetsero magetsi anathima pakati.
Sitinaime.
Mumdimamo ndodo yawo inkawerenga pansi,
go, go, go.

Lero ndodoyo ili ndi ine.
Mvula ikagwa ana a ku Sadzi amachedwa,
ndimawadikira nditagwira paipi ija
pomwe dzanja lawo linafufuta penti.