Sabata Yomwe Ndinaphunzitsa Makina

Lolemba anatisonkhanitsa m'shedi ya ku Santhe,
ife osankha fodya khumi ndi awiri,
pa mabenchi obwereka ku tchalitchi.
Mtsikana wa ku Lilongwe, dzina lake Tiyanjane,
anapachika nsalu yoyera pa mabelo
nati, "Musaope, izi sizikubwera kudzakuchotsani."
Lufeyo anandigunda ndi chigongono:
"Mawu omwewo anamuuza mkulu wanga
tsiku lomwe inafika sikelo ya manambala."

Anatipatsa mabanzi awiriawiri
ndi pepala losainira alawansi.
Ndinasaina. Njala ilibe manyazi.

Lachiwiri anachitulutsa chinthucho:
kabokosi, diso lagalasi pamwamba,
chingwe cholowa mu laputopu.
Akuti nzeru zochita kupanga.
Akuti chaona masamba osawerengeka a maiko akutali
koma la ku Kasungu sichinalionepo,
ndiye ife tichiphunzitse.

Ine Yotamu Kachigamba, wolekezera Sitandade faifi,
mphunzitsi wa makina!
Zaka makumi atatu ndi chimodzi
zala zanga zikuda ndi utomoni wa bale,
ana amandidziwa ndi fungo ndisanalowe pakhomo.
Lero ndiyale tsamba pansi pa diso,
nditchule giredi, Tiyanjane adine batani.
Tsamba, giredi, batani.
Tsamba, giredi, batani,
ngati waganyu wosenza njerwa
zomangira nyumba imene sadzagonamo.

Lachitatu magetsi anazima cha m'ma teni.
Tinakhala panja patsinde pa mthethe.
Tiyanjane anavula nsapato zake zazitali
natiuza kuti nayenso kontilakiti ikutha Okutobala,
kuti ku ofesi kwawo malipoti
ayamba kulembedwa ndi makina omwewa.
Mai Nabengo anamunyemera chinangwa chophika.
Palibe anaseka.

Lachinayi chinayamba kuyankha chokha.
Pa masamba makumi anayi chinaphonya atatu basi,
ine ndisanameze n'komwe malovu.
M'mimba mwanga munazizira.
Ndiye ndinasolola ndindi m'belo la pakona,
yofiirira bwino, yosalala, yonga ya pa kalendala.
Chinati: giredi yoyamba.
Ndinaifinya. Ndinainunkhiza.
Wina anaiwaza madzi usiku kuti ilemere,
pakutha masabata awiri belo lonse ndi chuku.
Diso lija lilibe mphuno.

Tiyanjane analemba m'kope, nadula mzere kawiri,
kenako anafunsa,
"Bambo, fungo limeneli mungalifotokoze bwanji?"
Ndinatsegula pakamwa. Mawu osabwera.
Ndimalidziwa monga ndimadziwira
kuti mkazi wanga wakwiya asanayankhule.
Zimenezo uzilemba pa batani liti?

Lachisanu manijala anafika ndi mapepala.
Chaka chamawa osankha adzatsala asanu,
okhawo ophunzira kugwira limodzi ndi diso lija,
kulitsutsa likanama, kuvomera likakhoza.
Enawo?
"Tidzaona."
Tidzaona ndi mawu amene ndimauza mwana wanga
akandipempha nsapato za sukulu.

Lufeyo anatola njinga yake osatsanzika,
akuti akalima soya kwa apongozi ku Chamama.
Mai Nabengo anafunsa ngati kuphunzirako kuli m'Chichewa,
manijala anayang'ana Tiyanjane,
Tiyanjane anayang'ana pansi,
kenako anati, "Ndikawauza."
Anailembanso m'kope muja.

Ine ndalembetsa dzina, lachitatu pa mndandanda.
Sindikudziwa ngati ndi kulimba mtima
kapena ndi ngongole ya feteleza.

Usiku uno mwana wanga Thokozile
wandikhazika pansi ndi foni yake yosweka pakona.
"Osakanikiza, Ababa, ingokhudzani."
Chala changa chozolowera kufinya tsamba
chikuphunzira kuyenda monyang'ama.
Ndikalakwitsa iye amapumira m'mwamba,
ndendende mmene ndinkachitira ine
pomuphunzitsa kusoka fodya pa mkangala.

Wapita kukagona, wandisiyira foniyo.
Pagalasi pake patsala chidindo cha chala changa,
chabulauni, chomata.
Ndachinunkhiza.
Ndi fodya wa chaka chino, wouma bwino.