Kotala ya Kilo ya Mitima

Ndinamutola pansi pa benchi kudoko la Kadıköy,
tsiku lomwe zombo zinaima chifukwa cha nkhungu.
Anali wopepuka ngati buledi wa dzana,
khutu limodzi lopindika, mchira uli chonyowa.
Ndinamuika m'thumba la jekete, mbali ya kumanzere,
pamwamba pa chipsera chomwe madokotala anandisiyira,
ndipo chitunda chonse chokwera kunyumba
sindinadziwe kuti mtima ukuthamangawo ndi wa yani.

Ndinamutcha Susam.
Sabata yoyamba ndinamulandira ngati mlendo:
mkaka m'kasosala, buledi woviika,
zotsala za supu wa mphodza.
Anatsegula m'mimba masiku atatu,
n'kumandiyang'ana ngati ndamubera.

Mayi Feride, dokotala wa ziweto,
anaika kachitsulo kozizira pachifuwa pake
n'kutsinzina, monga amachitira wanga wa kuchipatala chachikulu.
"Mtima uli bwino," anatero, "koma ukumangidwa kumene,
ndipo zomangira zake zili m'nyama."
Analemba liwu limodzi kuseri kwa lisiti: tawurini.
"Galu amadzipangira m'thupi mwake. Inunso, bambo Nevzat.
Mphaka amapanga kochepa, kosafika pena paliponse.
Akasowa, mtima umafutukuka ngati sokosi yakale,
kukula ukukula, mphamvu zikutha."

Ine amene ndinagulitsa matikiti a chombo zaka makumi atatu
osawerengapo kuseri kwa tikiti ndi imodzi yomwe,
lero ndimaima m'sitolo, magalasi ali pamphuno,
kutembenuza zitini ngati ndikufuna dzina langa pa zotsatira za mayeso.
Mphaka wonyezimira wa pachithunzi sandinyenga.
Ndimasaka polembedwa kuti chokwanira, kuti cha ana amphaka,
nyama ikhale patsogolo pa mndandanda, tirigu m'mbuyo,
kenako liwu lija, m'timalemba tating'ono ngati nyerere.
Mnyamata wa pakauntala amayesa ndaiwala chimene ndadzera.

Mayi Hacer a chipinda chapansi akuti ndikuwononga penshoni.
"Cha agalu n'chotchipa, thumba lake n'lalikulu.
Amphaka a m'misewu amawawerengera zitini ndani?"
Sindiwayankha. Ndawaona amphaka a m'misewuwo,
ambiri saona dzinja lachitatu.

Lachinayi ndimapita kwa Rüstem wogulitsa nyama.
"Mitima ya nkhuku, kotala ya kilo."
Amaseka mpaka ndevu kugwedera: "Dokotala wakulolani?"
"Si yanga."
Ndimaiwiritsa m'madzi okha,
popanda mchere, popanda anyezi, popanda adyo,
zinthu zitatu zomwe malemu Şükran wanga
akanati kuphika popanda izo n'kutukwana poto.
Umodzi wokha, wodulidwadulidwa, pamwamba pa chakudya chake.
Mayi Feride anati ndi ndiwo yokometsera, osati mbale yonse.
Yotsalayo imakagona mufiriji, m'timapepala,
pafupi ndi batala amene ndinaletsedwa.

Madzulo timadya moyang'anizana,
iye pansi pa zenera, ine patebulo,
tonse awiri zopanda mchere.
Iye amanyambita mbale mpaka kuikankhira kukhoma.
Ine ndimatafuna ngati ndikulipira ngongole,
n'kutsegula kabokosi ka mapiritsi ka zipinda zisanu ndi ziwiri.

Usiku amagona pachipsera paja.
Ndimayesa kuwerenga kugunda kwake,
ndimasokonezeka ndisanafike makumi anayi.
Wanga umayenda ngati chombo chomaliza cha usiku,
pang'onopang'ono, nyali zochepa.

Dzulo ndinafunsa mayi Feride kuti wodya bwino amakhala zaka zingati.
"Khumi ndi zisanu. Ena kupitirira."
Ndinaphatikiza ndi zanga pa masitepe, potuluka.
Masamu ake sanandikomere.

Choncho m'mawa uno ndatenga botolo la mchere
limene ndinkabisa kuseri kwa tiyi,
ndakawapatsa mayi Hacer,
ndipo ndayenda wapansi mpaka kudoko ndi kubwerako,
ndikupuma kawiri pachitunda.
Pofika ndinamupeza pakhomo, akulira,
mbale ili gada, nthawi itapitirira ndi mphindi khumi.