Kadontho Nambala 37

Mlongo wanga Fwasani akuti dzina lake
latchulidwa kokwana mazana anayi
m'mabuku a anthu amene sanapondepo ku Luwinga.
Amaziwerenga m'mawa, foni m'manja,
tiyi akuzizira, nkhungu itagona pa malata.

Inenso ndili momwemo.
Tsamba lachisanu, pakona ya kumanja,
kadontho kotayana ndi anzake
ngati mbuzi yodula chingwe.

Tinakwera basi ya usiku kukajambulitsa mutu wanga.
Anandilowetsa m'makina ogogoda ngati chigayo,
nati ndisagwedezeke.
Mawu aja amene amandiitana kuchokera m'denga
anakhala chete, mwina anachita manyazi.
Chithunzi chitatuluka ndinawafunafuna.
Ndinangoona kabichi wodulidwa pakati.

Iye anaona zina.
Anachotsera, anagawa, anachulukitsa
mpaka magetsi atazima ku Chiputula konse,
napitiriza ndi tochi pakamwa.

Tsopano ophunzira amamuimitsa pa Katoto,
mvula yowaza ili pamapewa,
kumufunsa za kadontho kosamveka kaja:
bwanji osangokachotsa, mzere uwongoke?
Amayankha kuti kamene kakana mzere
ndiye kali ndi nkhani.
Sanena kuti kadonthoko kamakonda chinangwa chootcha,
kuti kanamuphunzitsa samu ali sitandade fili
ndi zitsekerero za mabotolo.

Lachinayi amandiperekeza kukatenga mapiritsi.
Pa benchi sitikamba za manambala.
Amangondifunsa, wagona maola angati?
Ndimati asanu ndi limodzi.
Salemba.
Amandikonzera kolala ya juzi,
ndipo timadikira kuti aitane dzina langa.