Misomali Isanu ndi Iwiri

Pa Chamama, chaka chija fodya adagulidwa bwino,
Nankhoma adatiitana kuti tikakhome denga.
Ine wonyamulira, hamala yobwereka m'manja,
a Lufeyo pamwamba, pensulo kukhutu,
msomali pakamwa koma nkumayankhulabe.

Adati: mnyamata iwe, denga si malata.
Lata ndi malaya chabe.
Taona waya uyu, tidamukwirira m'njerwa
mizere inayi kuchokera pamwamba,
ndiye lamba womangirira mtanda ku khoma.
Mtanda usenze mapaso,
mapaso a bulugamu wouma, wopakidwa oyilo wakuda
kuti chiswe chikalawa chilavule.
Lata ligone pa linzake mizere iwiri
ngati ana a mphasa imodzi m'mwezi wa Juni.
Msomali ukhome pachitunda,
m'khwawa ayi, mmenemo ndi njira ya madzi.
Ukatulukira kunsi uupinde,
ugwire ngati chala cha khanda pa chitenje.
Pamsana tivundikire chipewa, tithane nazo.

Adatinso: mphepo sigogoda pakhomo.
Imazungulira nyumba kufunafuna pomasuka,
ikapapeza imalowetsa phewa, nkunyamula.

Dzuwa litapendeka adatsika kukamwa madzi,
ngodya ya kuvuma nkundisiyira ine.
Ndidakhoma umodzi, kudumpha umodzi,
kukhoma umodzi, kudumpha.
Isanu ndi iwiri idatsalira m'thumba la kabudula.
Pagolosale adandipatsa ndudu ziwiri ndi switi.

Januwale adafika.
Usiku wa Lachinayi mitambo idadzera ku Dwangwa,
yakuda bii, yotsika ngati ikufuna kukhudza chimanga.
Matalala adaboola fodya kukhala sefa.
Chigafa cha a Kamzimbi chidagwada, kenaka nkugona.
Lata la kutchalitchi lidauluka kudutsa msewu
nkukakulunga mtengo wa mango ngati nsalu.
Ine m'bulangete, maso gwa,
mphenzi ikang'anima ndiwerenge:
umodzi, iwiri, itatu,
mpaka isanu ndi iwiri, nkuyambiranso.
Fodya wa ndudu zija adandiwawa kukhosi usiku umenewo,
patapita miyezi inayi.

Kusanache bwino ndidathamanga osavala nsapato,
matope mpaka m'akakolo.

Denga lilipo.
Ngodya ya kuvuma yokha idatukuka
ngati khutu la galu womva likhweru.
Waya adatamuka koma sadaduke.
Mtanda udasuntha pang'ono, pongokwana chala,
nkusiya mng'alu pa pulasitala.
Misomali yoyandikana ndi mipata yanga
idatuluka mitu, yopindika makosi,
idagwira usiku wonse ntchito ya anzake
amene ine ndidawasuta.
Lata loyandikana nalo lidapanikiza m'bale wake osamutaya.
Ngongole yanga adabweza ndi iwo.

Pakhonde Nankhoma amayanika makope a Tiyanjane,
wa Sitandade eyiti, mayeso ali pafupi.
Inki idasungunuka, masamu onse asanduka mitambo.
Madzi adalowera pangodya pomwepo,
pamwamba pa katoni ya mabuku.
Adandiona nati: bambo, mudakhoma ndithu,
taonani kwa anzathu, agona poyera.
Adandipatsa chimanga chootcha.
Ndidalandira ndi manja awiri, chidakana kutsika.

A Lufeyo adabwera panjinga, makwerero paphewa.
Adakwera, nkuyendetsa chala chachikulu pa lata,
pali msomali, palibe, pali msomali, palibe,
milomo ikugwedera osatulutsa mawu.
Pansi pano ine ndidayang'ana nyerere
zikusamutsa mazira awo pamatope.

Adatsika pang'onopang'ono, bondo lawo lija likulira.
Sadandiyang'ane kumaso.
Adapisa m'thumba la ovolosi,
nkuwerengera m'chikhatho changa, umodziumodzi,
yozizira, yatsopano, ya zipewa zake.
Itakwana isanu ndi iwiri adaleka.

Kenaka adagwira makwerero ndi manja onse awiri
nati: kwera, ndakugwirira.