Malume Onni, Amsinkhu wa Chala

Kuno ku Tampere kwada kale, chikhalirecho ndi masana.
Chipale chofewa chatseka zenera mpaka theka.
Ndayatsa nyale ya pathebulo, ndasanjikiza magalasi awiri,
ndatulutsa tizitsulo tija ndinkasemera mano oikirira
kwa zaka makumi atatu ndi zinayi,
ndipo ndikukuumbani, malume,
amsinkhu wa chala changa chamkombaphala.

Munabwera m'kabokosi, ziwalo zili paderapadera:
thunthu, miyendo, mikono, ndi mutu wa munthu wina,
wachibwano cha ngwazi, wokukuta mano.
Ndaupala ndi kampeni mausiku atatu,
ndamata phula m'masaya, ndatambasula makutu,
poti pachithunzi chimodzi chokha chomwe amayi anasiya
makutu anu aima ngati zogwirira za poto
ndipo mukuoneka ngati mukumeza phwete.

Guluu wandimata zala. Batani limodzi,
lochepa kuposa kambewu ka mpiru,
lapulumuka m'kachopanira, lagwera pansi.
Ndakwawa ndi tochi mpaka mawondo kudandaula.
Silinapezeke. Basi, mukhala opanda batani lachitatu.
Mwina ndi mmene munalili.

Utoto woyamba wotuwa, wachiwiri wotuwirapo,
kenako ntchito yeniyeni: kuononga.
Msilikali woyera mbee ndi bodza lamkunkhuniza.
Ndatsetserezera litsiro m'makwinya a jekete,
ndaperepesa zigongono, ndadetsa kolala,
dzimbiri pachitsulo cha lamba,
matope pamajombo, ochulukirapo kumanzere
poti amayi ankati munkakoka mwendo umenewo
chikupondereni hatchi muli mwana.

Pansi ndamwaza soda wosakaniza ndi guluu.
Chimenecho ndiye chisanu chanu, malume. Pepani.

Maso ndi amene andisowetsa mtengo wogwira.
Chithunzi n'chakuda ndi choyera, sichiulula.
Ndaimbira mlongo wanga Kerttu ku Oulu.
Akuti amayi ankati obiriwira, kenako akuti ayi,
amenewo anali a bambo.
Onse amene anakuyang'anani m'maso anagona kale.
Ndanyowetsa burashi ya titsitsi titatu,
ndasunga mpweya, dzanja likunjenjemera ngati la mbala.
Kadontho kamodzi. Kasochera. Mukuyang'ana khutu lanu.
Ndafufuta. Kachiwiri. Kachisanu.
Pomaliza ndawasiya otsinzina pang'ono
ngati a munthu wothobwa ndi kuyera kwa chipale,
mtundu wake ukhale chinsinsi chanu.

Mdzukulu wanga Ilmari walowa ndi masokosi onyowa,
wasuzumira, mphuno yake pang'onong'ono kukugwetsani.
"Mfuti ili kuti?"
Ndamulozera: ili m'kabokosi, sindinaidule n'komwe
pakanthambi kake ka pulasitiki.
M'manja mwanu ndaikamo kapu yachitini
yopinda kuchokera ku chivundikiro cha yogati,
ndi kadontho ka vanishi wakuda kuti akhale khofi.
"Ndiye akumenya bwanji nkhondo?"
Sakumenya, ndatero. Akudikira khofi apole.
"Kuzizira konseku?"
Waseka, wapita kukasaka mabisiketi.

Anakutengani muli ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.
Kunabwera kalata, ndi wotchi yosayenda.
Thupi ayi.
Amayi ankaipukuta wotchiyo Lamulungu lililonse
osaipereka kwa wokonza.

Ine tsopano ndadutsa makumi asanu ndi awiri,
ndakuposani katatu, mphwanu ndamera imvi m'makutu,
koma ndikukunyamulani ndi kachopanira,
pang'onopang'ono, khofi angatayike,
kudutsa khitchini, kudutsa mphaka wogona,
mpaka pashelefu ya pamwamba pa hita
pamene pamafunda usiku wonse.